Yehova, Yahweh Kapena Chauta? Tiyambe Tamva Mbiri ya Chihebri

Sabata ino nkhani ndi yanga, ndipo ndiyotalikirapo, ndiye khalani pansi kaye.

Mwezi wathawu pamsika pathu panabwera mlaliki wina wa sipika yonyamula pamanja. Uthenga wake unali umodzi: aliyense wopemphera kwa Yehova kapena kwa Chauta akungotaya nthawi, chifukwa dzina lenileni ndi Yahweh, ndipo iye analiwerenga yekha m'Chihebri. Ambiri tinangopitiriza malonda athu. Koma amayi ena achikulire ogulitsa usipa pafupi ndi benchi langa anangoti zii tsiku lonse. Madzulo tikulongedza anandifunsa chapansipansi kuti, "Mwana wanga, iwe paja umawerenga zilembo zokhotakhota zija. Tandiuza zoona. Zaka zonsezi ndakhala ndikuitana dzina lolakwika?"

Ndinawayankha mwachidule chifukwa kunali kukuda. Yankho lonse ndalisungira inu, poti limafuna mbiri ya chilankhulocho.

Chihebri ndinachiyamba zaka zitatu zapitazo, m'kalasi ya Lamlungu masana imene abusa ena opuma amaphunzitsa kutchalitchi kwathu. Chaka choyamba chimakoma. Umaphunzira zilembo 22, umazolowera kuwerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere, kenako umadziwa kuti mawu ambiri amamera pa tsinde la zilembo zitatu. Tsinde la k-t-b ndi la zolembalemba: katav ndi "analemba", kotev ndi "wolemba". Mneni ali ndi misintho ikuluikulu isanu ndi iwiri, ndipo apa ife Achewa timapuma bwino chifukwa ndi zakwathu zomwe. Akhal ndi "anadya", he'ekhil ndi "anadyetsa", ne'ekhal ndi "chinadyedwa". Mwaona? Dya, dyetsa, dyedwa. Gula, gulitsa, gulidwa.

Mavuto amayamba chaka chachiwiri, ukasiya tiziganizo ta m'buku la galamala n'kutsegula Baibulo lenilenilo. Malamulo aja unaloweza amagwira bwino ntchito mu Genesis ndi mu Samueli. Ukafika pa nyimbo ya Debora pa Oweruza 5 umangoti kakasi. Ukapita ku Mlaliki, mawu ake ndi ena. Ine ndinkaganiza kuti mutu wanga ndi umene wafooka, mpaka abusa aja anatifunsa kuti, "Kodi Chichewa cha m'Buku Lopatulika ndi chimene mumayankhula kumsika?" Tinaseka. Bukulo linatuluka mu 1922, zaka zongopitirira 100 zapitazo, komabe ana athu amavutika nalo. Nanga Chipangano Chakale, chimene akatswiri ambiri amati pakati pa zigawo zake zakale kwambiri ndi zomalizira pali zaka pafupifupi 1,000? M'buku limodzi lomwelo muli Chihebri cha agogo, cha makolo ndi cha adzukulu.

Tiyambe ndi cha agogo. Mwina mudabwa kumva kuti m'Chipangano Chakale chonse chilankhulochi sichitchedwa Chihebri. Yesaya 19:18 amachitcha cha Kanani, ndipo 2 Mafumu 18:26 amachitcha Chiyuda. Chinali chimodzi mwa zilankhulo zapachibale za dera limenelo, pamodzi ndi cha Afoinike ndi cha Amowabu, monga zilili Chichewa, Chisena ndi Chinsenga. Umboni ulipo. Mu 1868 ku Dhiban, m'dziko limene lero ndi Jordan, kunapezeka mwala wa Mesa, mfumu ya Mowabu, wolembedwa cha m'ma 840 BC. Wophunzira Chihebri akhoza kumva zambiri zimene zili pamwalapo. Mu 1908 ku Gezer kunapezeka kamwala ka m'zaka za m'ma 900 BC kondandalika miyezi ya mlimi, yofesa, yokolola ndi yodulira mpesa. Chilankhulo chake n'chakale moti akatswiri amatsutsanabe ngati tichitche Chihebri kapena Chikanani basi.

Ngakhale pakati pa Aisraeli okhaokha katchulidwe kankasiyana. Oweruza 12 amafotokoza za Agileadi amene anatseka madooko a Yordano n'kumauza aliyense wofuna kuwoloka kuti atchule liwu lakuti shibboleth. Aefraimu ankati sibboleth, ndipo bukulo limati anafa 42,000 chifukwa cha lilime. Inunso mumamudziwa munthu wa ku Nsanje kapena wa ku Kasungu asanamalize moni.

Mbiri imeneyi inandimasulira chinthu chimene chimasokoneza aliyense wa chaka chachiwiri. Umaphunzira kuti yishmor ndi "adzasunga". Koma ukaika va- kutsogolo, vayyishmor amatanthauza "ndipo anasunga". Zitheka bwanji kuti kamlumikizi kakang'ono kasandutse za mawa kukhala za dzulo? Mabuku akale ankangoti kalembo aka kamatembenuza nthawi, loweza basi. Yankho linachokera pansi pa nthaka. Mu 1887 ku Amarna, ku Egypt, kunapezeka makalata a dongo a m'zaka za m'ma 1300 BC, ambiri ochokera kwa mafumu a ku Kanani kupita kwa Farao. Anawalemba m'Chiakadi, koma chilankhulo chakwawo chinkatulukira mwa apo ndi apo, ngati mmene Chichewa chimatulukira m'Chingerezi chathu. Makalatawa anathandiza kuonetsa kuti kale panali mitundu iwiri ya mneniyu: wautali, ndi waufupi wonena zimene zinachitika kale. Malembo a liwu a kumapeto atafota, iwiriyi inafanana. Koma m'aneni ena kusiyana kukuonekabe: yivneh ndi "adzamanga", vayyiven ndi "namanga". Ndalemba "namanga" mwadala. Na- wa m'Buku Lopatulika uja, wa "nati" ndi "napita", amalumikiza nkhani mofanana ndi va- ameneyu.

Cha makolo ndi Chihebri cha nthawi ya mafumu a Yuda, chimene mabuku a galamala amaphunzitsa. Ichi tili nacho ngakhale kunja kwa Baibulo. Mu 1880, m'ngalande ya madzi ya pansi pa Yerusalemu, yotalika mamita oposa 500, munapezeka mawu ogoba pathanthwe a cha m'ma 700 BC, nthawi ya mfumu Hezekiya. Amafotokoza mmene magulu awiri a okumba, ochokera mbali ziwiri, anamverana mawu kudzera m'thanthwe asanakumane. Mu 1935 ku Lakisi kunapezeka makalata a asilikali olembedwa ndi inki pa mapale, a nthawi imene Ababulo anali atatsala pang'ono kugwetsa Yuda. Kalembedwe kake kamafanana ndi ka buku la Yeremiya. Ndimakonda mfundo imeneyi: chinali chilankhulo cha amisiri ndi asilikali, anthu a thukuta, asanachitche chopatulika.

Kenako kunabwera Chiaramu. Mu 701 BC, Asuri atazinga Yerusalemu, nduna za Hezekiya zinapempha kazembe wa adaniwo kuti ayankhule Chiaramu, chifukwa iwo ankachimva pamene anthu wamba okhala palinga sankachimva. Chinali chilankhulo cha ophunzira ndi cha boma. Mu 586 BC Yerusalemu anagwa, anthu ambiri anatengedwa ukapolo ku Babulo. Koresi wa ku Perisiya atalanda Babulo mu 539 BC anawalola kubwerera, koma anabwerera ndi lilime lina. Pofika nthawi ya Nehemiya, cha m'ma 430 BC, tikumupeza atapsa mtima chifukwa ana ambiri a m'mabanja osakanizika sankatha kuyankhula Chiyuda. Werengani Nehemiya 13. Amene muli ku Johannesburg kapena ku London ndi ana osatha kuyankha moni wa agogo awo pafoni, nkhawa ya Nehemiya mukuidziwa.

Apa ndi pamene pakuyambira cha adzukulu: Mbiri, Ezara, Nehemiya, Estere, Danieli ndi Mlaliki. Mukafuna kuona kusinthaku ndi maso anu, ikani 2 Samueli 7 pambali pa 1 Mbiri 17. Nkhani ndi imodzi. Ku Samueli "ufumu" ndi mamlakhah, ku Mbiri ndi malkhut. Davide akamati "ine" m'pemphero lake, ku Samueli akuti anokhi, ku Mbiri akuti ani, ndipo m'mabuku onse awiri a Mbiri anokhi amapezeka kamodzi kokha. Ngakhale dzina la Davide lenilenilo, ku Samueli lili ndi zilembo zitatu, ku Mbiri zinayi. Miyezi inasinthanso maina. Buku la Mafumu lili ndi Ziv, Etanim ndi Bul, maina akale a ku Kanani, pamene Estere ndi Nehemiya ali ndi Nisan, Adar ndi Elul, maina a ku Babulo. Mawu obwereka nawo analowa, monga ife tinabwerekera "sukulu", "ndalama" ndi "mbatata". Pardes, munda wa mitengo, ndi liwu la Chiperisiya, ndipo ndi kholo la "paradaiso". Zigawo zina sizili m'Chihebri n'komwe. Danieli 2:4 mpaka kumapeto kwa mutu 7, ndi mbali zina za Ezara, ndi Chiaramu. Ndinene apa kuti akatswiri ena amachenjeza kuti kudziwa zaka za buku poyang'ana chilankhulo chokha n'kovuta, chifukwa wolemba wa m'mbuyo akhoza kutsanzira kalembedwe kakale, ndipo okopera ankasintha masipelo. Koma zoti kusiyanako kulipo, palibe amatsutsa.

Zilembo nazo zinasintha. Zilembo zamakonamakona zimene mumaziona pa matisheti ndi pa zikwangwani za mipingo inayi zinachokera ku Chiaramu, ukapolo utatha. Hezekiya atadzuka lero sangazizindikire mosavuta. Zilembo zakale zinatsala kwa Asamariya, amene akugwiritsabe ntchito mtundu wake mpaka lero.

Pofika zaka za m'ma 200 BC, Ayuda a ku Alexandria, konkuno ku Africa, ankayankhula Chigiriki moti anafunika kuwamasulira mabuku a Mose. Ndiko kunayambira Baibulo lotchedwa Septuagint. Ku Yudeya Chihebri chinalipobe. Mu 1947 abusa a ziweto anapeza mipukutu m'phanga la ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, ndipo pofika 1956 mapanga okhala ndi zolembedwa anali 11. Mpukutu wa Yesaya wa kumeneko, wotalika mamita 7, ndi wa cha m'ma 125 BC. Cha m'ma 200 AD arabi analemba Mishnah m'Chihebri chosinthikanso, mopanda va- wa nthano uja. Cha m'nthawi yomweyo chilankhulochi chinaleka kukhala chimene mwana amayamwira kwa amake. Chinatsala m'sunagoge, m'mapemphero ndi m'mabuku.

Tsopano gwirani bwino apa, chifukwa ndi pamene pali yankho la amayi aja. Mipukutu yonse yakaleyi inalibe timadontho ndi timizere ta malembo a liwu. Ankalemba malembo opanda liwu, kupatulapo zilembo zochepa zimene nthawi zina zinkathandizira. Musadabwe kwambiri. Mnzanu akakulemberani "zkm kwmbr" pa WhatsApp simufunsa kuti akutanthauza chiyani. Ndipo tikalemba "mtengo" sitiika chizindikiro chosiyanitsa wa mango ndi wa pamsika. Khutu la mwini chilankhulo limadziwa. Vuto limabwera eni chilankhulo akatha.

Ndiye panadzuka alembi otchedwa Amasorete, makamaka a ku Tiberias m'mbali mwa nyanja ya Galileya, kuyambira cha m'ma 600 mpaka m'ma 900 AD. Anapeka timadontho ndi timizere toika pansi, pamwamba ndi m'kati mwa zilembo, kuti asunge kawerengedwe kamene analandira kwa makolo awo. Ankawerenga mavesi ndi mawu a m'buku lililonse n'kulemba liwu la pakati penipeni, kuti wokopera akadumpha kanthu adziwike. Buku lotchuka la Aleppo Codex, la cha m'ma 930, timadontho take anaika ndi Aaron ben Asher. Masamba ake ambiri anasowa pambuyo pa zipolowe za ku Aleppo mu 1947. Lathunthu lakale kwambiri ndi Leningrad Codex, lolembedwa ku Cairo mu 1008 ndipo likusungidwa ku St Petersburg. Baibulo la Chihebri limene ophunzira ambiri timagwiritsa ntchito, Biblia Hebraica Stuttgartensia, linachokera pa bukuli. Choncho patsamba limodzi pali zilembo za nthawi ina ndi timadontho ta nthawi ina, ndipo pakati pake pali zaka zoposa 1,000. Mpaka lero mpukutu wowerenga m'sunagoge ulibe timadontho.

Kodi timadonthoto tingasinthe nkhani? Tsegulani Genesis 47:31. M'Mabaibulo ambiri Yakobo wokalamba akuwerama kumutu kwa kama. Ndiye tsegulani Ahebri 11:21, mupeza akutsamira ndodo. Palibe wanama. Zilembo ndi zomwezo, m-t-h. Amasorete anawerenga mittah, kama. Omasulira a Septuagint anawerenga matteh, ndodo, ndipo wolemba Ahebri anatsatira Chigiriki.

Pali ndi mawu ena amene tanthauzo lake linatayika kotheratu. Chitsanzo chimene ine wa pamsika ndimachikonda ndi 1 Samueli 13:21, pamene Aisraeli ankapita kwa Afilisti kukanoletsa makasu ndi nkhwangwa. Pali liwu lakuti pim, lopezeka kamodzi kokha m'Baibulo lonse. Omasulira a King James a mu 1611 anaganiza kuti nkhani yake ndi ya tupa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ofukula zakale anayamba kupeza timiyala ta sikelo tolembedwa p-y-m, tolemera magalamu pakati pa 7 ndi 8, magawo awiri mwa atatu a sekeli. Ndiye kuti vesilo likunena mtengo wonoletsera! Mayi wogulitsa pamsika wa ku Yuda akanaseka kuona akatswiri akuvutika zaka mazanamazana ndi liwu limene iye ankalitchula tsiku lililonse.

Amasorete ankaopa kusintha zilembo zimene analandira. Pamene mwambo wowerenga unkasiyana ndi cholembedwa, ankasiya zilembozo mmene zilili, n'kulemba m'mphepete mwa tsamba liwu loti liwerengedwe, ndipo timadontho ta liwu lowerengedwalo ankatiika pa lolembedwalo. Cholembedwa ndi ketiv, chowerengedwa ndi qere.

Dzina la Mulungu lili ndi zilembo zinayi, Y-H-W-H, ndipo limapezeka nthawi zoposa 6,800. Asilikali a ku Lakisi ankalilemba momasuka m'malonje a makalata awo. Koma m'zaka za pambuyo pa ukapolo Ayuda anayamba kupewa kulitchula polemekeza, ndipo akafika pamenepo ankati Adonai, kutanthauza Ambuye. M'mipukutu ina ya ku Qumran dzinali lokha linalembedwa m'zilembo zakale zija pakati pa zatsopano. Amasorete atafika anaika timadontho ta Adonai pa zilembo zinayizo, mosintha pang'ono, pokumbutsa wowerenga kuti anene Adonai. Umboni wake ndi uwu: pamene liwu la Adonai laima kale pafupi ndi dzinali, zilembo zomwezo zimapatsidwa timadontho ta Elohim, kuti wowerenga asabwereze Adonai kawiri. Akhristu a ku Europe ophunzira Chihebri anawerenga zilembo ndi timadontho pamodzi, potuluka Yehova. William Tyndale analilowetsa m'Chingerezi mu 1530, Buku Lopatulika linalibweretsa kwathu, ndipo Buku Loyera la mu 1998 linasankha dzina lathu lakale la Chauta.

Nanga Yahweh? Ndi katchulidwe kamene akatswiri ambiri amakhulupirira kuti n'koyandikira kwambiri. Anakapeza pophatikiza zidutswa: Yah wa mu aleluya, -yahu wa kumapeto kwa maina monga Yesaya ndi Yeremiya m'Chihebri, galamala ya mneni wotanthauza "kukhala", ndi mmene olemba ena akale anayesera kulilemba m'Chigiriki. Ndi ntchito yabwino ya ofufuza. Koma palibe mpukutu wa Chihebri umene mlaliki uja akanawerengamo Yahweh ndi malembo ake a liwu. Analimva kwa akatswiri, ngati ine ndi inu. Ndipo mipukutu ya Chigiriki ya Chipangano Chatsopano imene tili nayo, ikamagwira mawu a Chipangano Chakale okhala ndi dzinali, imalemba Kyrios, Ambuye.

Chenjezo lina ndi la Chihebri cha masiku ano. Eliezer Ben-Yehuda anafika ku Yerusalemu mu 1881 n'kulera mwana wake m'Chihebri chokhachokha, ndipo chilankhulo chimene chinagona m'mabuku chinabwereranso m'makomo. Mu 1922 chinavomerezedwa kukhala chimodzi mwa zilankhulo zitatu za boma ku Palestine pansi pa ulamuliro wa Britain. Koma chinafunika mawu a zinthu zatsopano. Hashmal, chinthu chonyezimira chimene Ezekieli anaona m'masomphenya, lero ndi magetsi. Ndiye mukaika vesi pa Google Translate, musadzatiuze kuti Ezekieli analosera za ESCOM.

Sindikunyoza mpingo wa munthu, ndipo sindikuletsa aliyense kutchula dzina limene chikumbumtima chake chalandira. Chimene ndikukana ndi kugwiritsa ntchito Chihebri ngati chikwapu. Munthu akakuuzani kuti "m'Chihebri amati chakuti", mufunseni mwaulemu: Chihebri cha nthawi iti? Mukunena zilembo kapena timadontho? Liwulo likupezekanso pati? Amene anaphunziradi amakondwa ndi mafunso amenewa, ndipo sachita manyazi kunena kuti apa akatswiri sanagwirizane.

Kwa inu amene mwamaliza zilembo ndi misintho ndipo mukufuna kupitirira, njira imene inandithandiza ndi iyi. Werengani Rute yense ndi Yona yense mokweza mawu, mavesi atatu patsiku. Mneni aliyense mupezereni tsinde ndi msintho wake musanathamangire ku dikishonale. Kenako tengani Samueli ndi Mbiri muziwerenga moyandikana, pensulo ili m'manja. Ndakatulo za Yobu zisiyeni kaye, zidzakuliritsani.

Amayi aja ndinawauza kuti, "Amayi, Ayuda eni ake akhala zaka zoposa 2,000 osalitchula dzinalo, amangoti Ambuye, ndipo sanaleke kupemphera. Yehova amene mumatchulayo muli zilembo zonse zinayi za dzinalo." Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Ndiye bamboyo amatiopsezeranji?" Anamanga usipa wawo, ndinawasenzetsa dengu, tinanyamuka.

Sabata yamawa tili ndi mayeso a msintho wa Hiphil, ndipo aneni a tsinde lofooka sanandilowebe. Amene munadutsa kale pamenepa, ndiuzeniko mmene munachitira.